Chilimwe Chimene Tinachoka Osaitana

Magetsi awa ndikuwadziwa, akapita chonchi sabwera msanga. Sendezani mipando kufupi ndi mbaula, ndipo wina atembenuze chimangacho chisapserere. Paja mumandinena kuti ndine waulesi, eti chifukwa ndimatseka shopu kumayambiriro kwa Seputembala, nthawi imene mafiriji a Kasungu yense akukomoka ndi kutentha ndipo eni ake akundisaka ngati ndawabera mbuzi. Chabwino. Lero ndikuuzani kumene ndimapita, mukamva muweruze nokha ngati ndi ulesi.

Ine ndinakwatira m'banja la anthu obalalika. Mkazi wanga Esinala ndiye woyamba kubadwa, tili naye kuno. Mlongo wake Yotamu ali ku Joni, amapenta nyumba za eni. Chitsirizira, Velina, ndi namwino ku Nsanje, kumene ngakhale mthunzi umawotcha. Anthu amenewa ankakhala limodzi pafoni basi. Anali ndi gulu lawo pa Watsapu, ndipo foni ya mkazi wanga sinkapuma. M'mawa Velina watumiza chithunzi cha mbuzi itagona pakhomo la wodi. Masana Yotamu akulira kuti walota thobwa. Madzulo Esinala akuwalalikira onse awiri ngati iye ndiye anawabereka.

Apongozi anga, aNangozo, ankakhala okha kumudzi ku Linthipe. Kulemba pafoni sankakudziwa, iwo ankatumiza mawu, ndipo nthawi zonse ankajambula akumwa tiyi. Uthenga wawo unkayamba ndi supuni ikutakasa shuga m'kapu yawo yachitsulo, ngwe ngwe ngwe, kenako mawu: "Ana inu, mwadzuka?" Ife tinkangomva supuniyo n'kudziwa kuti kwacha.

Malemu apongozi aamuna ankagwira ntchito ya zankhalango ku Dedza, ndipo ana onsewa anakulira m'nyumba ya matabwa kuseri kwa phiri, pakati pa mitengo ya paini. Masiku ano nyumbayo amabwereketsa kwa alendo. Ndiye chilimwe chilichonse, sukulu zisanatsegulidwe, banja lonse linkakumana kumeneko kwa sabata imodzi. Velina ankabwera kudzathawa dzuwa, moti ankavala juzi n'kumanjenjemera mosangalala. Yotamu ankatsika basi ya ku Joni ndi chikwama chodzaza maswiti ndi mabodza. Ife tinkadzera ku Linthipe kutenga apongozi pa kagalimoto kanga. Tinkawotcha mbatatesi, kuyenda m'nkhalango, kusekana mpaka nthiti kuwawa.

Tsono apongozi anali ndi mwambo wawo. Tsiku lochoka, katundu yense ali m'galimoto, iwo ankaima pakhomo, kuyang'ana m'nyumba mopanda munthu, n'kumaitana mayina kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. "Esinala, tiye kwathu." Esinala, amene waima kumbuyo kwawo pomwepo, ayankhe kuti, "Ndilipo." Kenako Yotamu, kenako Velina, kenako ine mkamwini, n'kutsirizira mwana wathu Nthambi. Nditafunsa mkazi wanga tanthauzo lake, anati, "Amayi amati munthu akasangalala pamalo, mtima wake umachedwa kunyamuka kuposa miyendo. Ukapanda kuuitana umatsala. Makamaka wa mwana." Ine ndinkaziona ngati sewero. Ndinkayankha kuti, "Ndilipo, aphunzitsi," apongozi n'kundiloza ndi supuni.

Nthambi nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu, ndipo anali wailesi ya m'nyumba mwathu, yopanda pozimitsira. Ankafunsa chifukwa chake nkhuku ilibe mano, chifukwa chake abusa amatuluka thukuta, chifukwa chake ine ndili ndi dazi. Kuphiri kuja sankachoka pa chitenje cha agogo ake. Anapeka ndi kanyimbo kake ka mbatatesi zopsereza, kopanda mutu kopanda mchira, ndipo ankakaimba akuthamanga m'nyumba ya matabwa ija atavala timapatapata take tofiira, phwa phwa phwa, nyumba yonse kugwedezeka.

Chaka chimene ndikunenachi, apongozi anali atayamba kudwaladwala. Miyendo inkatupa, ndipo aliyense ankaona kuti sangapitirize kukhala okha. Madzulo otsiriza, iwo atalowa kuchipinda, ana awo anakhala pansi kuti akambirane amene awatenge. Nkhani inayamba bwino, ngati mmene zimayambira nkhani zonse zoipa. Velina anati ku Nsanje dzuwa likawapha. Yotamu anati iye amagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake awiri, akawaika pati? Esinala anati iye ndiye wakhala akuthamanga yekha zaka zonsezi, ena akungotumiza zithunzi, ndiye nawonso alaweko. Mawu anakwera. Zakale zinafukulidwa, mpaka za njinga imene wina anathyola ali mwana. Ine ndinali duu, pakuti mkamwini akalowerera ndewu ya ana a mimba imodzi ndiye amatuluka ndi chotupa. Anaiwala onse kuti khoma la nyumbayo ndi matabwa. Anakumbuka pamene kuchipinda kuja supuni inagwera pansi.

Kutacha, Yotamu anali atapita kale kukadikira basi, osatsanzika. Velina anaitana kabaza wa njinga yamoto, naye ulendo. Apongozi anatuluka atavala kale, sanaime pakhomo, anangolowa m'galimoto n'kukhala, manja pamiyendo. Nthambi anali akugonabe, ndiye ndinangomunyamula ndi bulangeti lomwe. Tinazindikira tili pamsewu waukulu kuti kuphazi kuli kapatapata kamodzi kokha, koma nkhope za m'galimotomo sizinali zoti munthu n'kunena za kubwerera. Titafika ku Linthipe, Esinala anati, "Amayi, tiyeni tipitirire ku Kasungu." Apongozi anatsika, n'kunena mofatsa, "Ine kwathu ndi kuno. Musavutike."

Anamwalira mvula ili pakati, mwezi wa Januwale. Yotamu sanabwere kumaliro. Mapepala ake a ku Joni anali asanatuluke, ndipo akanadutsa pachipata cha m'malire sakanaloledwa kubwerera. Esinala sanafune kumva zimenezo. Pobwera kumanda ananena pamaso pa anthu kuti, "Ine ndilibe mlongo." Gulu la pa Watsapu lija linangoti zii. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma ine ndinaliona fupalo likuyamba fungo.

Koma vuto lathu lenileni linali litayamba kale, mwakachetechete. Titangobwera kuphiri, Nthambi anasiya kufunsa mafunso. Ine mpaka ndinathokoza, ndinati mwana wakula. Kenako anasiya kuimba. Ukamufunsa kanthu ankayankha liwu limodzi, kenako kungogwedeza mutu. Pofika nthawi ya maliro a agogo ake, mwana sankalankhulanso n'komwe. Ankadya, ankagona, ukamutuma ankapita, koma tsiku lonse ankakhala pakhomo atafumbata kapatapata kofiira kaja, maso ali kumsewu wa ku Lilongwe. Kuchipatala anamuyeza makutu, lilime, mutu, n'kutiuza kuti sakupeza vuto. Abusa anabwera kudzapemphera mpaka thukuta, mwana kumangowayang'ana, osafunsa chifukwa chake. Kusukulu aphunzitsi anati timusunge kaye kunyumba. Ndikuuzeni abale, palibe chinthu chowawa ngati kukhala chete kwa mwana amene unazolowera kumukalipira kuti akhale chete. Ndinkapita kushopu n'kumalira kuseri kwa mafiriji a eni.

M'mwezi wa Julaye, kukuzizira, Velina ananditumizira uthenga wa mawu kufunsa za mwana. Ankatumiza kwa ine chifukwa mkulu wake ankayankha ngati akulipira liwu lililonse. Mukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya khutu, firiji ndimaimva matenda ndisanaitsegule. Ndiye pansi pa mawu a Velina ndinamva kanthu kena, patali, kosamveka bwino. Ndinabwereza. Ngwe ngwe ngwe. Ndinamuimbira.

"Mlamu, mwayamba liti kumwa tiyi m'kapu yachitsulo?"

"Tiyi wanji alamu? Ndinajambula ndili mu wodi, manja ali m'magolovesi."

Ndinati mwina ndi zitsulo za kuchipatala, ndinazisiya. Patapita masiku, Yotamu naye anandiimbira. Ife awiri tinkalankhulana mobisa, ngati chibwenzi. Mawu ake anali achilendo.

"Alamu, uthenga munanditumizira dzulo uja munajambulira kuti?"

"Kushopu, ndili ndekha. Bwanji?"

"Ndani amatakasa tiyi kumbuyo kwanu? Palibe munthu wina amatakasa choncho. Ndamvera usiku wonse, sindinagone."

Ndinamuuza kuti ajambule mawu pomwe analipo anditumizire. Anali pamwamba pa makwerero, akupenta. Mu uthengawo munkamveka magalimoto a ku Joni, munthu wina akukuwa m'chilankhulo cha kumeneko, ndi mphepo. Pansi pa zonsezo panali supuni ija. Ndipo pansi pa supuniyo, patali ngati kuseri kwa khoma, mwana ankaimba kanyimbo ka mbatatesi zopsereza. Miyezi yonseyo ndinali ndisanamve mawu a mwana wanga, ndipo ndinawamva akuchokera ku Joni, kumene sanapondeko.

Ndinathamangira kunyumba. Esinala atamva kuti uthenga ndi wa Yotamu anafuna kutuluka, koma ndinamugwira dzanja. Anamvera, n'kukhala pansi pasimenti pomwepo. Nthambi, amene ankakhala pakhomo osacheuka ngakhale mbale itasweka, anatembenuka, anabwera, n'kuika khutu lake pafoni. Milomo yake inkayenda motsatira nyimboyo, koma mawu osatuluka.

"Abambo a Nthambi," anatero Esinala monong'ona, "chaka chatha tinaitana?"

Tonse tinkadziwa kuti sitinaitane.

Seputembala atangolowa tinanyamuka. Velina anapempha tchuthi n'kudzayambira kwathu. Yotamu mapepala anali atatuluka, mochedwa ngati mvula ya pambuyo pa kukolola, ndipo anakwera basi osafunsa ngati akufunidwa. Tinamupeza pa Dedza ataima ndi kachikwama kakang'ono, wopanda maswiti, atawonda mpaka kolala ya malaya kuchita kulendewera. Velina anamukumbatira. Esinala anayang'ana kumbali, ngati pali china chosangalatsa pa mulu wa makabichi. M'galimoto munali chete woti ngakhale injini inkachita manyazi.

Pamene msewu wafumbi umapatukira kuphiri pamakhala amayi ogulitsa mbatatesi. Ndinaima kuti tigule ndowa imodzi. Mayi wina wachikulire, wa mpango wobiriwira, anasuzumira pawindo, ndipo ataona Nthambi nkhope yake inawala.

"Iii, kamtsikana kolongolola kaja! Lero wakwera galimoto? Agogo ako wawasiya kuti?"

Esinala anati, "Mwina mukumufanizira ndi wina, mayi. Ife tikuchokera ku Kasungu."

"Ndingamufanizire ndi ndani? Amadutsa pano madzulo aliwonse nkhungu ikamatsika, iye ndi agogo ake otupa miyendo aja. Amafika pamphambano pano, kuyang'ana uku ndi uku ngati akudikira galimoto, n'kubwerera kuphiri. Dzana anandifunsa chifukwa chake mbatatesi zili ndi maso koma sizipenya. Ndimawauza agogowo kuti mwana mumugulire nsapato, akuyenda ndi phazi limodzi losavala."

Ndinapereka ndalama osadikira chenji. Nditayang'ana pagalasi tikuchoka, amayi ena aja analipo, koma wa mpango wobiriwira sindinamuone. Mwina anawerama kutola mbatatesi. Sindinabwerere kukafunsa.

Mlonda wa nyumbayo, a Zakeyu, anatilandira ndi makiyi ali kale m'manja, ngati munthu amene akufuna kutula katundu wolemera. Anati chaka chonsecho alendo sankatha masiku awiri. Ena ankadandaula kuti supuni zikusowa, ena kuti akadzuka akupeza ketulo ili yofunda. "Ine sindinaonepo kanthu," anatero a Zakeyu, "koma ndinasiya kugona pakhonde. Osati kuti n'zoopsa ayi. Kungoti zimamvetsa chisoni, bwana. Zimakhala ngati anthu amene aiwalidwa pa depoti."

M'nyumba munali monga tinasiyira, fungo la paini ndi utsi wakale. Tinasaka kapatapata kaja pansi pa mabedi, kuseri kwa kabati, paliponse, osakapeza. Velina anaphika tiyi n'kuika makapu anayi patebulo, a ife akuluakulu. Atabwera ndi ketulo anaima chilili. Makapu anali asanu, ndipo yachisanuyo inali yachitsulo, yothetheka m'mbali. Kapu imeneyo tinaisiya ku Linthipe, ndinaiona ndi maso anga tsiku la maliro. Palibe anaikhudza. Velina anangothiramo tiyi, n'kuika shuga wambiri monga ankakondera eni ake.

Esinala sanafune kudikira. Nkhungu itayamba kutsika anaima pakhomo n'kuitana, "Nthambi, tiye kwathu! Nthambi!" Mawu ake analowa m'nyumba n'kubwerera okha. Mwana anali pambali panga, chete, atafumbata kapatapata kake. Velina anati, "Achemwali, amayi sankaitana pofika. Ankaitana pochoka, katundu ali m'galimoto." Ndiye tinayenera kugona.

Kugona kwake kunali kwa dzina lokha. Mphepo inkalira m'mitengo ya paini, matabwa akudandaula. Kenako m'khonde la m'kati munayamba kumveka mapazi aang'ono akuthamanga. Koma sanali phwa phwa phwa ngati kale. Linali phwa, kenako phazi losavala, phwa, kenako phazi losavala. Ankafika pa chitseko chathu, kuima, n'kubwerera. Kuchipinda kumene ankagona apongozi kunamveka supuni, pang'onopang'ono, ndi mawu a munthu wamkulu akung'ung'udza ngati akutonthoza mwana. Ine amene ndimagwira waya wamagetsi osaphethira ndinafunda kumutu. Nditasuzumira, Nthambi anali atakhala tsonga pabedi, mutu wake ukutsatira mapaziwo uku ndi uku. Sankaopa. Nkhope yake inali ya munthu amene akuonera anzake akusewera iye atatsekeredwa m'nyumba.

M'mawa kunacha ndi nkhungu yoti galimoto sinkaoneka bwino uli pakhonde. Kapu yachitsulo ija inali yopanda kanthu, yotsukidwa, yovundikiridwa. Tinalongedza katundu. Tonse tinaima panja, Esinala pakhomo, pamalo pa amayi ake. Anakonza chitenje, n'kuyang'ana m'nyumba.

"Velina, tiye kwathu."

"Ndilipo."

"Abambo a Nthambi, tiyeni kwathu."

"Ndilipo." Tsiku limenelo za aphunzitsi sindinazitchule.

"Nthambi, tiye kwathu."

Zii. Kenako m'katimo mapazi aja anamveka, koma akuthawira kuchipinda cha kumapeto, ndipo chitseko chinatsekeka chokha pang'onopang'ono. Esinala anaitananso, mawu akusweka. Anaitana kachitatu akulira. Mwana pambali panga anali ngati chitsa, dzanja lake lozizira m'dzanja langa. Ndinaganiza kuti basi, tabwera pachabe, mwana wanga adzakula chonchi.

"Achemwali," anatero Velina, "mwadumpha munthu."

"Sindinadumphe munthu."

"Amayi sankadumpha. Ngakhale tsiku limene achimwene anawotcha khitchini anawaitana."

Esinala anauma khosi. Ndimamudziwa mkazi wanga, akati ayi ngakhale ng'ombe ziwiri sizingamukoke. Yotamu anali ataima patali, pafupi ndi galimoto, chipewa chili m'manja. Anayandikira pang'ono, n'kulankhula osakweza mutu.

"Achemwali, musandikhululukire, palibe kanthu. Tsiku la maliro ndinamvera nyimbo pafoni alamu atandiimbira, nditadzitsekera m'chimbudzi cha kuntchito, chifukwa kunalibe kwina kolirira. Chimenecho ndidzafa nacho ndekha. Koma mwanayu sanalakwe. Ingotchulani dzinalo, ngakhale mutalilavula."

Esinala anakhala nthawi osatembenuka. Mapewa ake ankagwedezeka. Ndipo atatsegula pakamwa, sanalilavule dzinalo. Analiitana mmene ankaliitanira amayi awo, mokoka kumapeto, ngati akuitana mwana amene wachedwa kudambo.

"Yotamuu, tiye kwathu."

Mwamuna wamkulu uja anayesa kuyankha, mawu anakana. Anayesanso. "Ndilipo, achemwali. Ndilipo."

Esinala anabwereza Velina, anabwereza ine, mwadongosolo lake. Kenako anapuma, n'kunena mofatsa, "Nthambi, mwana wanga, tiye kwathu."

Chitseko cha kumapeto chinalira. Phwa, phazi losavala, phwa, phazi losavala, mofulumira, kubwera m'khonde lonse, kudutsa pabalaza. Chitenje cha Esinala chinagwedezeka ngati wina wachikhudza podutsa. Sindinaone kanthu, ndisakunamizeni. Ndinangomva dzanja la mwana wanga likufunda m'dzanja langa, ndipo iye anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi.

"Ndilipo," anatero Nthambi. Mawu ake anali okhakhala ngati chitseko chosatsegulidwa chaka chonse. Pamapazi pake, pa udzu wonyowa, panali kapatapata kofiira kachiwiri.

Zimene tinachita pamenepo sindingazifotokoze bwino, chifukwa aliyense ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. Esinala anamunyamula, Velina akumupsompsona mapazi, ine ndikungozungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Ndinathamanga kukatsegula galimoto, ndinkafuna tichoke msanga zinthu zisanasinthe maganizo. Koma Nthambi anatsika m'manja mwa amayi ake n'kuloza pakhomo.

"Nanga agogo? Palibe wawaitana."

Tinayang'anana. Zaka zonsezo aNangozo ankaitana aliyense, mpaka ine mlendo, ndipo panalibe tsiku limene wina anaganiza zowaitana iwo. Ana atatu aja anapita pakhomo, anaima phewa ndi phewa, n'kuitana limodzi, "Amayi, Nangozo, tiyeni kwathu."

M'nyumba munali zii. Nthambi anapendeketsa mutu ngati akumvetsera wina amene wamuweramira.

"Akufunsa kuti kwa yani."

Abale, funso limenelo linatilasa tonse. Linali lomwe lija la chaka chatha, limene analimva kudzera m'matabwa. Kenako onse atatu analankhula nthawi imodzi.

"Kwathu ku Kasungu, chipinda chilipo!"

"Ayi, ku Nsanje! Dzuwa silingawachitenso kanthu."

"Inu mwakhala nawo zaka zonsezi," anatero Yotamu. "Amayi safunanso pasipoti, apite ndi ine."

Ndewu inabukanso, pakhomo lomwelo, anthu omwewo, koma tsopano aliyense akukokera kwake. Ine mkamwini ndinangokhala duu monga mwa masiku onse. Amene anaithetsa ndi Nthambi.

"Akuseka," anatero. "Akuti azizungulira. Koma ayambira kwa amalume, chifukwa ndi amene awonda."

Yotamu anakhala pansi pakhonde, n'kubisa nkhope m'chipewa. Esinala anapita, anakhala pambali pake, n'kuika dzanja pamsana pake.

Pochoka, Nthambi anakana kuti Velina akhale pawindo la kumanzere, anati pamenepo pali eni ake, ndiye anthu anapanikizana mbali imodzi. Kagalimoto kanga ndimakadziwa kulemera kwake, ndipo tsiku limenelo potsika phiri kankakhula pansi mbali imene panalibe munthu. Tinadzera ku Linthipe, Yotamu anakaona manda a amayi ake, alongo ake atamugwira uku ndi uku. Njira yonse Nthambi sanatseke pakamwa. Anafunsa chifukwa chake timapatapata tamuchepera, chifukwa chake amalume akulira pomwe sanamenyedwe, ndi chifukwa chake dazi langa lakula. Ndinayankha funso lililonse.

Patapita masiku Yotamu anatumiza mawu pagulu lija, koyamba kuti lilire patatha miyezi yonseyo. Anati basi inali yodzaza mpaka ena kukhala pa katundu, koma mpando wa pambali pake palibe anakhalapo mpaka ku Joni. Aliyense ankafika, kuyang'ana, n'kupitirira. Panopa ananenepa, kolala inadzaza. Supuni ija sitiimvanso m'mauthenga, kupatula ngati abale atatuwa ayamba kusungirana mawu. Ikangomveka ngwe kamodzi, mudzaona Esinala akusakasaka foni kuti aimbire mlongo wake.

Ndiye chilimwe chilichonse ndimatseka shopu, mafiriji anu adikire. Timakumana kuphiri, makapu timaika asanu, ndipo pochoka Esinala amaitana tonse osadumpha, kenako tonse timaitana mmodzi. Onani, magetsi abwera. Inu achimwene, mwana wanuyo wagona pamphasapo, ndipo waseka kwambiri pano madzulo ano. Musangomunyamula. Mudzutseni, muime pakhomopo, mumuitane dzina mpaka ayankhe.